Chala Chabuluu

Zaka zisanu ndi ziwiri ndasenza matumba a feteleza
m'sitolo ya a Shawa ku Down Shops,
dzina langa osalowa m'buku lililonse.
Ankangoti "iwe waganyu," ine n'kucheuka.

Lolemba lija anabwera ndi pepala.
Akuti lamulo lasintha,
a ku leba akuyenda ngati mvula ya chizimalupsa,
sudziwa denga limene ayambire.
"Dinda apa, Tikambenji."
Ndinadinda. Inki inali yozizira.

Usiku ku Mchini, magetsi atathima,
Zelipa wanga anandiwerengera pa kandulo:
masiku opuma alimo, amayi,
mukadwala sakudulani,
kontirakiti ikatha pali kolowa m'thumba.
Ndinaseka mpaka khanda la aneba linadzuka.

Kenako anafika pa mzere wa tsiku loyamba ntchito.
Anawerenga kawiri.
Akuti ndayamba lero.

Nanga khosi ili linauma liti?
Nkhata zonse ndinang'amba zija
ankasenzera ndani?

M'mawa a Shawa anali pa kauntala, maso ali psuu,
akuwonkhetsa, akufufuta, akuwonkhetsanso.
Osenza tinali asanu.
Mapepala anali atatu.
Khuzwayo anakankha njinga yake osatsanzika,
pano amakweza anthu ku Kapata,
tikakumana amayang'ana tcheni.

Ine ndatsala, wolembedwa tsopano.
Chalachi ndachapa ndi sopo, ndi phulusa,
ndakhula ndi mwala wa mu Lunkhwakwa,
buluu uja ali nga!
Koma zaka zisanu ndi ziwiri
zinachoka ndi madzi oyamba.