Zala Ziwiri Pansi pa Lamba

Ku Oulu mdima umafika anthu asanaweruke.
Ndinalowa m'chipinda nambala 14
nsapato zikudontha chipale chosungunuka,
kalata ya dokotala m'thumba:
akuti maulendo 47 pa ola limodzi
mpweya wanga umaima pakhosi
ngati basi yanga paroboti yofiira.
Marjatta anadziwa kalekale.
Zaka zisanu ndi zinayi wakhala akuwerenga mumdima,
chigongono chili tcheru pafupi ndi nthiti zanga.

Namwino Aulikki anayala zigoba zitatu patebulo.
Ine mtima unagwa pa kamphuno kokha,
kakang'ono, kaulemu.
"Gonani chagada. Tsinzinani."
Mphindi ziwiri sizinathe, kukamwa yasa,
mphepo yolowera m'mphuno ikuthawira m'mano
ngati ndayenda zitseko zonse zili pululu.
"Bambo Veikko, inu mumapumira pakamwa.
Chanu ndi chachikuluchi."

Anandigunditsa kakatoni kumaso,
kuyeza kuchokera pakati pa maso
kufika m'munsi mwa mlomo.
Sindinkadziwa kuti nkhope ili ndi saizi ngati nsapato.

Kenaka anayang'ana ndevu zanga.
Anaziyang'ana nthawi yaitali.

Ayi. Izi zokha ayi.
Ndinaleka kumeta m'mawa umene Reino, mng'ono wanga,
madzi oundana anamuswekera kumapazi
akukaonjola maukonde,
ndipo sindinayambirenso.

Choncho ndinakoka malamba mpaka mutu thi.
Usiku woyamba, likhweru kutsaya lamanzere.
Wachiwiri, kamphepo kobaya m'diso,
misozi yopanda maliro.
Wachitatu ndinachivula ndili m'tulo,
m'mawa n'kuchipeza kunsi kwa bedi chikupuma chokha.
Pamphuno bala psuu,
ana asukulu akukodolana polipira basi.

"Mukumanga ngati katundu wapadenga la galimoto,"
Aulikki anatero pafoni.
"Mphirawo umafuna mpata kuti ufufume wokha.
Masulani. Zala ziwiri zizilowa pansi pa lamba.
Muzikonza mutagona, makina akulira,
chifukwa nkhope yogona si nkhope yoimirira.
Za ndevuzo, ine sindinenapo."

Ndinamasula. Likhweru linachepa,
koma linakakamira pomwepo, m'nkhalango ya kuchibwano.

Loweruka, titatuluka mu sauna,
khungu lidakali lofewa, mawindo ali ndi thukuta,
ndinamupatsa Marjatta lumo.
Sanafunse.
Anayamba ndi sizasi, imvi zikugwera pathaulo,
kenaka thovu, kenaka chala chake chozizira
chikutembenuza mutu wanga uku ndi uku.
Pagalasi panatulukira chibwano cha Reino,
kadzenje kake pakati pomwepo,
chitakalamba zaka makumi atatu zimene iye sanazione.
Tinakhala chete tonse atatu.

Usiku umenewo ndinatsata mwambo wake:
chibwano choyamba, kenaka mphuno,
tingowe tiwiri ta m'munsi, kwa, kwa,
paipi kuidutsitsa pamwamba pa pilo.
Zala ziwiri. Zinalowa.
Mpweya unabwera wofunda, wonyowa pang'ono,
wonunkhira mphira watsopano,
ndipo ndinaleka kulimbana nawo.

Zii.

Ndinadzuka alamu isanalire,
mutu wopepuka, lilime losauma,
mizere iwiri yosazama m'masaya
imene inafufutika ndisanamalize kuvala sokosi.
Panja chigalimoto chokankha chipale
chinali chikupala msewu wathu.

Marjatta ndinamupeza kukhitchini,
maso ofiira, khofi atazizira m'kapu.

"Sunagone?"

"Munali chete kwambiri m'nyumba muno," anatero.
"Kanayi konse ndinaika dzanja pachifuwa pako.
Chimakwera, chimatsika, chimakwera.
Ndinadikira kuti uime, ndiyambe kuwerenga.
Sunaime."

Anandisisita chibwano ndi kuseri kwa dzanja,
ngati akupatsa moni mlendo
amene anamumvapo dzina lokha.
"Uvale sikafu," anatero.
"Kumeneku sikunaoneko chisanu."