Mzere wa Khala

Foni inalira pakati pa usiku, ali pa Mwanza.
"Tadutsa boda, Abiti Sumani,
koma chifuwachi si chakale chija ayi."
Kenaka anakhosomola mpaka mayunitsi kutha.

Ndadzuka azana asanamveke kuno ku M'baluku.
Chipinda chija tinkati chidzakhala okala,
chimene anamanga ali ku Joni, njerwa imodziimodzi,
ndi marandi a zaka zinayi,
ndicho ndatsegula.
Munali matumba awiri a chimanga, njinga yopanda tcheni,
ukonde wa malemu bambo ake womwe makoswe anaugawana,
ndi nkhuku ya eni yomwe yakhala ikuikira umo ife osadziwa.
Zonse panja.
Mazira okha ndasunga, mwini nkhuku tidzakambirana.

Zenera tinalikhomera chaka cha akuba chija.
Ndazula misomali ndi hamala ya Che Jafali a kabaza,
wachitatu wandiluma chala.
Mphepo izilowa, anatero alangizi a zaumoyo,
ngakhale mphepo ya kuno mwezi uno
imafika ngati yadzera mu uvuni wa njerwa.

Kapu yake ndaidonthezera kyutekisi wofiira pa chogwirira,
mbale yake, supuni yake, chimodzimodzi.
Kyutekisiyo ndinagulira tsiku lomulandira.
Basi, wapeza ntchito ina.

Ndowa ya kampopi ili pakhomo,
sopo ndamumangira chingwe kuopa akhwangwala.
Mamasiki anayi ndasoka pa chitenje chimene sindinachivalepo:
awiri kukamwa, awiri pachingwe.
M'chitini cha majarini muli ndalama yosakhudza,
ya thiransipoti ya kuchipatala mpweya ukayamba kuperewera.
Ndaiwerenga katatu. Siinachuluke.

Apongozi afika ndi mphasa pamutu,
mandimu m'jumbo, masamba a bulugamu kukhwapa,
ati agona pambali pa mwana wawo.
Iwo, a shuga aja, a miyendo yotupa aja.
Chikwatiwire sindinawabwezepo mawu,
lero ndati ayi.
"Kodi munthu amadwazika ndi khoma?" andifunsa.
Ndayang'ana pansi, koma pakhomo sindinasunthe.
Apita osatsanzika.
Masana ndapeza wayilesi yawo pa mpanda,
mabatire atsopano, atayikulunga mu mpango wawo wa Lachisanu.

Chovuta ndi Yasini.
Anabadwa basi ya bambo ake itapita kale,
amawadziwa ngati nkhope yokhala m'foni
imene imauma netiweki ikathawa.
Sabata yonse wakhala akuyeserera mmene adzawadumphire m'khosi.
Ndatenga khala, ndalemba mzere pakhonde
kuchokera pa mzati kukafika pa mtondo.
"Apa ndi pa boda," ndamuuza. "Iwe pasipoti ulibe."
Wafunsa kuti pasipoti amagula kuti.
Ndi khala lomwelo ndalemba pakhoma nambala ya Che Jafali
ndi timizere khumi ndi tinayi,
toti tizifufuta kamodzi dzuwa likatuluka.

Belu la njinga lalira cha m'ma folo.
Watsika pang'onopang'ono, munthu wanga,
jekete la ku Joni likumukana mapewa,
maso okha pamwamba pa nsalu.
Manja angawa, amene akolopa, asoka, azula misomali,
asowa chochita.
Ndawabisa m'chitenje.
"Takulandirani," ndatero. "Madzi ndi awo, sambani."

Wakhala pa mpando wake, tsidya lija la mzere.
Yasini waima zala za kumapazi zili pa khala penipeni,
wandiyang'ana, wayang'ana mzere,
wathamangira kuseri.
Wabwera ndi galimoto yake ya mawaya,
ija ya chiwongolero chachitali ngati bango,
waiyendetsa bwinobwino kudutsa boda
mpaka yagunda nsapato ya bambo ake.
Pamwamba pake wakwezapo bwemba mmodzi.

Mapazi sanawoloke.
Ndaona ndi maso angawa, sanawoloke.
Ine ndatembenukira ku ndowa
kusamba m'manja moyera kale.