Mchombo wa Wachisanu

Ku Ilulissat usiku sukucha msanga.
M'shedi ya zilei Sikkersoq wagwada,
tochi ali nayo kukamwa.

Galu wake waswa asanu.
Anayi wawaluma yekha michombo,
wawanyambita mpaka alira.
Wachisanu wamutopera.

Sikkersoq asolola ulusi kumpendero wa juzi,
amanga mfundo zala ziwiri kuchoka pakamimba,
adula ndi sizasi yowiritsa m'ketulo ya khofi.
Dontho la ayodini.
Kagalu kayetsemula.

"Wotsalawo usaukoke," ankatero malemu bambo ake,
"mchombo uli ndi tsiku lake."

M'mawa wachitatu aupeza m'maudzu,
wakuda, wouma gwa,
wochepa kuposa mbedza.

Panja agalu aakulu akukoka maunyolo,
akulirira ulendo wa pa ayezi.
Iko sikakumva.
Kali pabere.