Malisiti a pa Lizulu

Ndili nawo onse, m'chitini cha mkaka wa mwana
amene pano akumeta ndevu:
timapepala tofiira ta pa msika, toyera ta pa chipata,
tina tidafufuma ndi thukuta la m'kamisolo.

Thumba la kachewere limachoka ku Mlanda lili langa.
Pofika pa tala lasanduka la anthu asanu.
Wangolo watapa zake, wa khonsolo wang'amba kapepala,
wasikelo wakanikiza chala,
mnyamata wa jekete yonyezimira
akuti pamene ndaimapa palinso mtengo wake.

Lachiwiri kudabwera akuluakulu a komiti
kudzamva, ati, kulira kwa mlimi.
Adatikhazika pa sukulu, pansi pa mkungudza.
A Kachingwe adafunsa za mlatho wa kumadimba
umene tidaulipira kale kanayi.
Adalemba.
Nasiyani adafunsa za chimbudzi cha pa msika.
Adalembanso, wina akusuzumira wotchi.

Ine ndidangotsegula chitini
n'kukhuthulira patebulo.
Mphepo ya ku Chilobwe siidziwa mlendo:
idamwaza zaka khumi ndi zinayi pabwalo ponse,
bwana wina n'kumakutumula mwendo,
kamodzi katakakamira pa nsapato yake.

Adati nkhaniyi aitengera ku Lilongwe.
Galimoto zawo zidatitimira pa dambo lomwe lija.
Tidazikankha ndife, matope mpaka m'mawondo,
osawadulira lisiti.

Lero Loweruka, chifunga sichinayalule.
Sindinagulitse ngakhale mulu umodzi,
koma wa khonsolo uyo akubwera apo,
akunyowetsa chala ndi malovu.