Nkhata Yomweyo

Juni wafika ku Likhubula ndi chiperoni chake.
Zala zauma gwa, zikukana kulowa m'dothi,
koma machubu akudawa sadikira dzuwa.
Tasakaniza mchenga wa kumtsinje ndi dothi la pansi pa misuku,
manyowa pang'ono, osachulutsa.
Mkungudza sufuna kudyetsedwa ngati nkhumba.

Esinati Nakhumwa wavala majuzi awiri,
thumba la feteleza pamwamba pake,
akuwerenga m'kope lomwe linanyowa sabata yatha:
njere tinafesa mazana asanu ndi atatu,
zamera mazana awiri ndi makumi anayi,
zina zikuganizabe.
Amatero iye, zikuganizabe,
ndipo sitimutsutsa,
poti njere ya mkungudza imatha mwezi ili duu pansi pa udzu
ngati munthu amene munamulakwira.

Othyola tiyi akamadutsa ndi madengu kumsana amatiseka:
Dzalani bulugama, inu,
zaka zisanu mwagulitsa mapolo, mwakhoma malata.
Mtengo wanuwo adzauona ndani?
Ine ndimangothirira.
Keni yanga inabooka pachogwirira,
madzi ozizira amatsetsereka mpaka m'chigongono.

Bambo anga ankacheka matabwa ku Chambe.
Ankatsika usiku, thabwa lalitali pamutu,
opanda nsapato, tochi atazimitsa.
Paliwombo tsitsi linatha kalekale,
panatsala khungu lolimba ngati chidendene.
Fizi yanga inachokera m'matabwa amenewo.
Yunifolomu yanga inkanunkhira phiri.
Sindiwaimba mlandu.
Chitseko cha kwathu mpaka lero chiswe chimachilambalala,
ndipo kukachita chinyezi
chimanunkhira ngati anachicheka dzulo.

Koma chaka chimene ndinakwera ndekha, iwo atapita,
ndinapeza zitsa zokhazokha,
zakuda ndi moto wa alenje,
mphepo ikungodutsa, yosowa choigwira.
Ndinakhala pa chitsa china. Chinali chotakata,
tikanakwanapo anthu anayi.

Kumunsi kuno mbande zimadwala kukatentha.
Okutobala amazipsereza nsonga,
timazibisa pansi pa chisakasa, timazipepesa.
Ndi ana a kozizira awa, ana a nkhungu,
kuno angobwera kudzabadwa.
Mvula ikakhazikika tidzazisenza,
makumi atatu m'beseni lililonse,
njira yomwe ija ya miyala yoterera,
kudutsa pamathithi pomwe bambo ankapumira
atatsamiritsa thabwa pathanthwe.
Nkhata ndi yomweyo, ya chitenje chakutha.
Khosi limawawa chimodzimodzi, ndikhulupirira.
Kungoti iwo ankatsika, ine ndimakwera.

Chaka chatha tinakweza mazana atatu.
Chisanu chinatengapo zake.
Moto wa mu Seputembala unadya zambiri,
unalumpha ngakhale m'mene tinalambula.
A Makwinja, munthu wamkulu wandevu zoyera,
anakhala pamwala n'kuphimba nkhope ndi chipewa,
ife tinayang'ana kumbali.
Zinatsala khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Imodzi yafika m'bondo mwanga.
Ndinaiyeza kawiri, kuopa kuti ndadzinamiza.

Sindikudziwa ngati phiri limasunga kope la ngongole.
Sindikudziwanso amene adzabwere ndi sowo
tsiku lomwe mitengo iyi idzakule,
mwina mwana wa Losita wanga,
naye ali ndi fizi yoti alipire.
Zimenezo ndimaziganiza usiku.
M'mawa pali machubu.

Nkhungu yatsika mpaka pa mpanda wa nazale,
Chambe sakuoneka, ngakhale denga la tchalitchi.
Ndavundukula udzu pa mzere wa kumapeto,
uja tinati tikhuthule mawa.
Kena kake katuluka,
kowonda ngati ulusi wosokera,
kopindika khosi,
khoko la njere likadali pamutu pake
ngati kasenza katundu.

Esinati, bwera ndi kope lija.
Ufufute nambala.