Nyali Ikaphethira Kawiri

Masitepe khumi ndi anayi kutsikira pansi pa msewu,
kuseri kwa sitolo ya Mtaliyana wosoka nsapato.
Ndimawawerengabe, Graciela,
ngakhale mawondowa anakana kalekale.

New York, chaka cha 1958.
Utsi wa fodya unkalekeza m'mapewa,
uyu akuliza lipenga ngati akudandaula za ngongole,
uyo akulakatula ndakatulo yopanda mutu ndi mchira,
ife tikuliza zala m'malo mowomba m'manja
kuti ogona pamwamba asadzuke.

Iwe unali ndi utoto m'zikhadabo,
utavala jekete la mlongo wako, lobooka thumba.
Unati zithunzi zako sizikuyenda malonda
chifukwa anthu amaopa agalu a buluu.
Ndinaseka mpaka khofi kutulukira m'mphuno.

Masana ndinali Mayi Halloran, wotayipa makalata a inshulansi,
siketi yosita, mphete yabodza pachala,
ndi chibwenzi chopeka, msilikali wa pamadzi
amene sitima yake sinkafika padoko.

Usiku Wilhelmina wa pabala ankathira mowa diso lili kukhomo.
Nyali ikaphethira kawiri tinkalekana,
aliyense n'kugwira mnyamata amene ali pafupi,
anyamatawo nawonso atangolekana kumene,
apolisi n'kupeza amuna ndi akazi akuvina mwaulemu,
nkhope zili gwa, ngati pamaliro a munthu wosamudziwa.

Tsiku lina nyali inachedwa.

Dzina lako linatuluka m'nyuzipepala, ndi nambala ya nyumba yomwe.
Langa ayi.
Ndinatulukira pazenera la kuchimbudzi, nsapato imodzi kumanja.
Kukhoti sindinabwere.
Izi sindinauzepo munthu.

Unakwera basi ya ku San Francisco, anatero Wilhelmina,
kenako kumapiri, kumene akazi ankadzimangira okha nyumba
n'kumaweta mbuzi.
Kalata inabwera imodzi yokha basi:
galu wa buluu, popanda ndi liwu lomwe.

Lero pamalo paja amagulitsapo mafoni.
Atsikana awiri akupsompsonana pakhomo, dzuwa likuswa mtengo,
wina ayisikirimu akumusungunukira m'dzanja,
osacheuka n'komwe.
Ine ndaima potero ndi ndodo yanga.
Babu la m'sitolomo laphethira, waya wotha chabe,
koma dzanja langa lopusali lataya msangamsanga
dzanja lako, lomwe palibepo.