Amene Anafunsa za Masamba Onyowa

Makope athu khumi ndi anayi ananyowa usiku umodzi.
Denga la ofesi linadontha pamwamba pa shelefu,
makilo a tiyi a alimi mazana atatu
n'kusungunuka, kusanduka madzi abuluu.
M'mawa mwake Mayi Nakhumwa anamasula mfundo ya chitenje,
natulutsa kapepala kawo:
"Ine ndinathyola awa. Inu mukuti angati?"
Ndinasowa poloza chala.

Komiti inati tipeze munthu
atipangire pulogalamu yathuyathu.
Ntchito yosankha inagwera ine, Elube Mukhuna,
mlembi wodziwa kompyuta poyatsira ndi pozimitsira basi.

Woyamba anachokera ku Blantyre, nsapato zili waliwali.
Galimoto anaisiya pa tala ku Chitakale kuopa matope.
Anatsegula laputopu, mitundu inavina.
Chilichonse ankati n'chotheka
ndisanamalize n'komwe funso.
Theka la ndalama ankafuna tsiku lomwelo.
Nditafunsa amene anawapangirapo kale,
anati chimenecho n'chinsinsi cha kampani.

Wina anali mphwake wa tcheyamani,
mwana waulemu, wopereka moni ndi manja awiri.
Anati iye tingomugulira mayunitsi.
Koma mtima wake uli kale pa basi ya ku Joni.
Nanga chinthucho chikadzadwala usiku wa malipiro,
tidzaimbira yani?
Funso limeneli linandilanda tulo masiku atatu,
poti mwana wa mwini mpando sakanidwa masana.

Dailesi Mpholiwa wa ku Luchenza sanabwere ndi zithunzi.
Anatsika pa kabaza sikisi isanakwane,
chiperoni chitameza phiri lonse.
Anaima pafupi ndi sikelo m'mawa wonse, ali duu,
kuona matumba akukwera ndi kutsika pa mbedza.
Kenako mafunso anayamba kugwa.
Masamba akanyowa mumachotsa makilo angati,
ndipo amagamula ndani?
Ngongole ya feteleza imadulidwa mwezi uti?
Netiweki ikathawa kuno imabwerera liti?
Mlimi akamwalira pakati pa mwezi,
ndalama yake imapita kwa yani?
Lomalizali ngakhale komiti inali isanaliganizepo.

Anandiuzanso zimene sakanatha.
"Zolipira pafoni si za mwezi uno.
Ndikavomera, ndakunamizani."
Anandilembera nambala za anthu awiri.
Ndinakwera minibasi mpaka ku Bvumbwe
kukaona anthu a mkaka amene anawapangira yawo.
Mkulu wa kumeneko, akutsuka chigubu, anati,
"Inafapo kawiri.
Kawiri konseko mtsikanayo anayankha foni."

Papepala la mgwirizano ndinaumirira zanga.
Ndalama izituluka pang'onopang'ono,
gawo likayamba lagwira ntchito ife tikuona.
Makiyi onse, ndi zolemba za m'kati
zimene ine sindingawerenge ngakhale mzere umodzi,
zikhale za bungwe,
kuti tikadzayambana wina adzatole pamene wasiyira.
Mayina a alimi asatuluke pakhomo pano.
Iye anawonjezera mzere wake:
kusintha maganizo Lachitatu lililonse si kwaulere.
Ndinaseka, poti komiti yathu ndimaidziwa.

Tcheyamani sanandilankhule masabata awiri.

Tsopano ndi mwezi wachinayi.
Pulogalamu ikulembabe dzina la a Namaona kawiri,
Dailesi akuti abwera Lachisanu, ndipo amabweradi.
Uthenga wa makilo umawapeza Mayi Nakhumwa
asanawoloke kamtsinje ka kumunsi kwa munda,
koma kapepala kawo sanataye.
Inenso ndili ndi kope latsopano,
ndimalikulunga m'jumbo ndikamaweruka.

Denga lija sitinakonzebe.